Tsiku limene ndinakweza basi nkhalamba ya eni

Abale anga ku Ntcheu mpaka lero amadziwa kuti ulendo wanga wokaona nyumba yosungirako okalamba ku Nottingham unayenda bwino. Ndine ndinawauza choncho pa gulu lathu la WhatsApp, ndipo malume anayankha ndi kachithunzi ka manja owomba. Papita miyezi isanu ndi itatu nkhaniyi ikundidya m'kati ngati nankafumbwe m'nkhokwe. Lero ndiulule basi. Malume akaiwerenga, aiwerenge.

Nkhaniyi ndi ya mayi anga aakulu, akulu awo a mayi anga ondibereka. Anagwira unamwino zaka zambiri ku Gulupu mu Blantyre, kenako mu 2002 anakwera ndege limodzi ndi anamwino ena ambiri amene nthawi imeneyo ankachoka m'zipatala zathu kupita ku Britain. Anagwira ntchito mpaka kupuma, nagula kanyumba kawo ku Nottingham. Sukulu yanga analipira ndi iwo. Denga la malata la malume linachokera m'thumba mwawo.

Ndiye kunabwera matenda oiwala aja, amene madokotala amati dementia. Poyamba tinkangoseka, kuti ukalamba sunama. Kuseka kunatha tsiku limene anaika ketulo yapulasitiki pamoto wa chitofu, ndi usiku wina umene aneba anawapeza pamsewu atavala yunifolomu yakale, akuti achedwa ku wodi. Chingerezi chimene anachiyankhula zaka zonsezi chinayamba kuyoyoka. Dokotala akawafunsa, ankayankha m'Chichewa, n'kukwiya kuti mnyamata wophunzira chotere bwanji sakumva.

Malume anagamula mwachangu monga mwini mbumba: "Abwere kuno. Ife sititaya makolo." Mawu okoma, koma malumewo ali ndi zaka zopitirira 70, ndipo amene akanasenza katunduyu ndi mlongo wanga wa ana anayi. Panalinso china chimene palibe anachitchula pa gulupo, ngakhale tonse tinkachidziwa. Kwathu nkhalamba yoyenda usiku, yoyankhula zosamveka, yotchula mayina a anthu amene anamwalira kalekale, sichedwa kupatsidwa dzina, ndipo ena aphedwapo chifukwa cha dzinalo. Onjezani mankhwala a mtima ndi a shuga amene sayenera kudukiza. Ine ndimakhala ku Coventry m'chipinda chimodzi, ndipo ndimagwira ntchito usiku kosungira katundu. Mapeto ake malume anati: "Chabwino mphwanga, kaone. Iwe ndiwe wa masamu."

Zoonadi ndine wa masamu. Ndisanabwere kuno ndinali wowerengera ndalama ku Lilongwe, ndipo ndimakhulupirira kuti vuto lililonse limagonja ukaligawa pawiri. Ndinagula kope, n'kulemba mzere pakati pa tsamba. Kumanzere ndinalemba "Zabwino", kumanja "Zoopsa".

Homuweki ndinachita, musandiderere. Ndinaphunzira kuti ku England munthu amene chuma chake chikuposa mapaundi 23,250 amadzilipirira yekha, ndipo ngati amakhala yekha, nyumba yake imawerengedwa pa chumacho. Kanyumba ka amayi kanayenera kugulitsidwa. Ndinaphunzira kuti nyumbazi zili mitundu iwiri: zina zili ndi namwino usana ndi usiku, zina zilibe, zimangokhala ndi osamalira, ndipo namwino amachita kubwera pakafunika jakisoni kapena kutsuka chilonda. Ndinaphunziranso za bungwe la Care Quality Commission, limene aliyense amangoti CQC, loyendera nyumbazi n'kuzipatsa imodzi mwa magiredi anayi. Malipoti ake ali pa intaneti, koma uyenera kuyang'ana deti, chifukwa lipoti lina limakhala la zaka zingapo zapitazo, ogwira ntchito onse atasintha.

Nyumba yoyamba imene ndinaiona inali yaikulu ngati hotela, ya zipinda zopitirira 60, yokhala ndi chikepe, saluni ndi basi yakeyake. Ndinaikonda mpaka pamene mtsikana wina, asanalowe m'chipinda, anayamba wawerenga dzina pachitseko kuti adziwe mmene apereke moni. Anali wobwereka wa tsiku limodzi. Ndinalemba zimenezo kumanja. Ukulu suteteza kugwa, paja mu 2011 kampani ya Southern Cross, imene inkayendetsa nyumba zoterezi pafupifupi 750, inagwa chifukwa cha ndalama.

Yachiwiri ndi imene yandiyankhulitsa lero. Inali nyumba wamba ya njerwa zofiira mumsewu wa nyumba zofanana, moti ndinaidutsa kawiri. Munkakhala okalamba asanu, chipinda chachisanu ndi chimodzi chili chopanda munthu. Ndinafika cha m'ma 12 koloko nditavala suti imene ndimavala pa maukwati ndi pa maliro. Anandilandira mayi mwini nyumbayo, mzungu wa zaka za m'ma 60, wopumira m'mwamba, atavala epuloni. Pondipatsa moni anandiitana kuti "me duck". Anthu a ku Nottingham amaitana aliyense choncho, koma ine ndinangomva kuti ndatchedwa bakha, ndipo ndinatsala pang'ono kulemba kumanja.

M'nyumbamo munkanunkhira anyezi wokazinga. Munalibe fungo lija la mkodzo wophimbidwa ndi mankhwala limene ndinalimva kwina. Mayiyo ankadziwa kuti gogo uyu amamwa tiyi wozizira pang'ono, uyo sadya akaona nandolo zakhudzana ndi mbatata, winayo akayamba kupinda nsalu ya patebulo ndiye kuti akufuna kuchimbudzi koma akuchita manyazi. Kumanzere kwa tsamba kunayamba kudzaza.

Kenako kukhitchini kunatuluka mtsikana wosamalira, wa kwathu mwa maonekedwe. Atamva dzina langa anaima.

"Muli bwanji achimwene?"

Ndinatsala pang'ono kugwetsa kope. Anali wa ku Zimbabwe, koma agogo ake aamuna anachokera ku Dedza kukagwira ntchito m'mafamu nthawi ya atsamunda, ndipo pakhomo pawo Chichewa sichinafe, chinangosakanikirana ndi Chishona. Anabwera mu 2022, chaka chimene boma la Britain linatsegula chitseko cha viza kwa osamalira okalamba. Anandiuza kuti iye anachita mwayi, chifukwa kuyambira Malichi 2024 obwera kumene sankaloledwanso kubwera ndi mabanja awo. Ine zimenezo sindinazimvetsere kwenikweni. M'mutu mwanga munali chinthu chimodzi: amayi adzapeza womva akamati akufuna phala. Ndinalemba ndi zilembo zikuluzikulu, n'kudula mzere kunsi.

Kumanja ndinalembako ndithu. Chikepe munalibe, munali kampando kamagetsi koyenda m'mbali mwa masitepe. Namwino munalibe. Masana ogwira ntchito anali awiri, usiku mmodzi wokhala maso ndi wina wogona woti adzutsidwe pakavuta. Ndinazilemba mwaulesi, monga munthu amene mtima wake wagula kale.

Apa ndi pamene foni inalira. Malume. Munthu sungayankhe malume pakati pa anthu, choncho ndinapempha kutuluka. Mtsikana uja anali atagwira mbale ziwiri, ndiye anangondilozera ndi chibwano: pachitseko pali mabatani, manambala alembedwa pakapepala pamwamba pake, koma muwerenge chobwerera. Sindinafunse chifukwa chake. Safunsa anadya phula, koma ine ndinadya phula ndi njuchi zomwe.

Pachitsekopo ndinapeza bambo wina wamkulu, wamtali, wometa bwino, atavala chikhoti chachitali, tayi ndi chipewa, chikwama chachikopa chili m'manja. Ankadina mabatani aja modekha koma chitseko chili duu. Anatembenuka, nandiyang'ana ngati bwana amene wapeza mesenjala wake, n'kunena kuti makina amakonowa ndi achabe, ndipo iye achedwa.

Tsono ndikufunseni inu amene munaleredwa kwathu. Munthu wamkulu, wa tayi, waima pakhomo, katundu ali m'manja, akuti wachedwa. Mukanatani? Ine ndinaleredwa ndi anthu amene ankandikoka khutu ndikadutsa wamkulu osamulandira katundu. Ndinadina manambala aja chobwerera, chitseko chinatseguka, kabelu kanalira kamodzi, ndipo ndinapatuka kuti akulu atsogole. Chikwama ndinawalandira ndi manja awiri. Foni ya malume ndinaidula, n'kunena mumtima kuti amvetsa, ndikutumikira mnzawo.

Tili pamsewu ndinawafunsa kumene akupita. Anati ku Raleigh, shifiti ya 2 koloko.

Abale anga, Raleigh! Agogo anga aamuna anali ndi njinga ya Raleigh yakuda, yokhala ndi chizindikiro cha mutu wa mbalame yonga kakowa kutsogolo. Ankaipukuta Loweruka lililonse, ndipo mwana woikhudza ankagona ndi njala. Inanyamulapo matumba a chimanga, odwala, ngakhale mkwatibwi. Ndinawafotokozera bambowo zonsezi, iwo maso ali ngwee, akundiuza kuti mwina mawilo a njinga imeneyo anamanga ndi iwo, chifukwa ntchito yawo inali yoluka masipoko. Tinagwirana chanza kawiri. Mumtima ndinkati taonani dziko ili, munthu wa msinkhu uwu akadali pa ntchito, pamene kwathu anyamata ali pa bawo. Ndinaganiza kuti anabwera kudzaona mkazi wawo m'nyumba muja pa nthawi yopuma.

Zimene sindinkadziwa, ndipo mwana aliyense wa ku Nottingham amazidziwa, n'zakuti fakitale ya Raleigh mumzindamo inasiya kupanga njinga mu 2002, chaka chomwe amayi anafika.

Tinafika pokwerera basi. Itatulukira, ine ndi amene ndinaiimitsa, ndi dzanja lonse, ngati ndili pa Biwi ku Lilongwe. Ndinawagwira mkono pokwera. Iwo anatulutsa khadi la okalamba lokwerera ulere, nakhala pawindo, nandivulira chipewa. Ndinabayibitsa mpaka basi inakhota.

Pobwerera ndinaima pageti, n'kutsegula kope, n'kulemba kumanzere: "Alendo amalowa ndi kutuluka momasuka." Kope limenelo ndikadali nalo.

Chakudya chinali patebulo. Mbale zinali zisanu, anthu anayi. Mwini nyumba anaitana dzina m'masitepe. Zii. Anaitananso. Mtsikana anakwera, natsika, nkhope itasintha. Anati chikhoti palibe, chipewa palibe.

Pano ndi pamene pali tchimo langa lenileni, ndipo sindilichepetsa. Kutsegula chitseko kunali umbuli. Koma atangotchula chipewa, ndinadziwa. M'mimba munabwadamuka, miyendo inalobodoka, pakamwa panauma gwa. M'malo monena, ndinayamba kuthandiza kufunafuna. Ndinayang'ana kumunda wa maluwa. Ndinatsegula kabati ya matsache. Ndinagwada, ndi suti yanga ya maukwati, kusuzumira pansi pa sofa, kufuna munthu wamtali amene ndinamukweza basi ndi manja angawa. Zinatenga mphindi pafupifupi khumi. Ndinkayembekeza chiyani, sindidziwa. Mwina kuti basi iwabweza yokha.

Mtsikana uja ndi amene anandigwira. Mayiyo ankadabwa kuti belu linalira kamodzi potuluka ndi kamodzi polowa, ndipo konseko anali mlendo. Mtsikanayo anandiyang'ana ndili chogwada, nafunsa m'chiyankhulo chathu, motsitsa mawu:

"Achimwene, munatuluka nokha?"

Ndinati ayi.

"Ali kuti?"

Ndinati ali pa basi.

Sanakuwe. Zikanakhala bwino akanakuwa. Anangoti, "Mayo ine," n'kutembenukira kwa abwana ake, n'kunena liwu limodzi lokha: Raleigh. Ine ndinali ndisanatchule n'komwe.

Zimene zinatsatira zinali zachangu moti ndinangoima ngati chitsa. Mayiyo anatsegula kabati, natulutsa fomu yodzazidwa kale, yokhala ndi chithunzi cha bambowo, mankhwala awo, kumene anabadwira ndi kumene anagwirako ntchito. Apolisi a kuno amalimbikitsa fomu imeneyi kwa onse osunga odwala matenda oiwala. Amaitcha Herbert Protocol, potengera dzina la msilikali wakale wa ku Norfolk amene anasowa akufunafuna nyumba ya ubwana wake, n'kupezeka atamwalira. Mayiyo anaimba 999 akuvala nsapato, nawauza nambala ya basi imene ine ndinaitchula ndi mawu onjenjemera, natola makiyi a galimoto. Anati akudziwa kumene akawapeze. Atafika pachitseko anatembenuka, nandiuza kuti ndikhale pampando ndipo ndisakhudze chilichonse chokhala ndi mabatani.

Ola lotsatiralo ndi limene linandiphunzitsa zimene kope linalephera. M'nyumba munatsala wosamalira mmodzi, okalamba anayi, ndi chitsiru chimodzi cha suti. Ine sindikanaloledwa kugwira munthu, chifukwa wosamalira aliyense amayamba wafufuzidwa mbiri yake ndi kuphunzitsidwa. Nthawi ya mankhwala a masana inakwana, ndipo mtsikanayo ankawerenga mapiritsi uku akudyetsa gogo wina amene amatsamwa akafulumira. Gogo wa nsalu ya patebulo uja anayamba kuipinda. Iyeyo sayenda, amanyamulidwa ndi makina, ndipo lamulo la m'nyumbamo ndi lakuti makinawo agwiritsidwe ntchito ndi anthu awiri. Munthu wachiwiri anali pamsewu, kusaka amene ine ndinamutaya. Mtsikanayo anagwada pafupi ndi gogoyo, namugwira dzanja, namupempha kuti apirire pang'ono. Gogoyo anapirira mpaka analephera. Kenako anayamba kulira mwakachetechete, akuyang'ana kukhoma.

Ndaonapo zinthu zochititsa manyazi pa moyo wanga, koma palibe chinandilasa ngati misozi ya mayi ameneyo. Sanandidziwe, sanandilakwire, koma ulemu wake unatayika chifukwa cha ulemu wanga.

M'nyumba yaikulu ija pakanapezeka wachitatu ndi wachinayi woti athamange. Koma ndikukayika ngati wobwereka wowerenga dzina pachitseko akanadziwa za Raleigh. Ndinayang'ana mzere wanga wa pakati pa tsamba uja ndipo unandikwiyitsa. Akazi awiriwa ndinayenera kuwalemba mbali iti? Zonse zimene ndinazikonda m'nyumbamo zinali m'mitu mwawo, ndipo zonse zimene ndinaziopa zinali zakuti alipo awiri okha.

Bambo aja anapezeka pasanathe ola ndi theka. Pamalo pamene panali mbali ya fakitale, kufupi ndi Triumph Road, pano pali Jubilee Campus ya yunivesite ya Nottingham, yokhala ndi nyumba zamagalasi ndi kanyanja kochita kukumba. Mayiyo anawapeza atakhala pabenchi, akuyang'ana ophunzira akudutsa, akudabwa kuti geti alisunthira kuti. Sanawauze kuti fakitale inatsekedwa. Anawauza kuti shifiti yalero yaimitsidwa ndipo kunyumba kuli pudingi. Ananyamuka osatsutsa. M'chikwama chimene ndinachinyamula ndi manja awiri chija munali silipasi imodzi, nthochi, ndi rimoti ya TV imene nyumba yonse inakhala ikuifuna kuyambira Lolemba.

Atalowa anandiona, nasangalala kwambiri, n'kuuza aliyense kuti mnyamata uyu ndi waulemu, akwezedwe pa ntchito.

Gogo uja atasambitsidwa ndi kusinthidwa zovala, mwini nyumba anandiitanira kukhitchini. Ndinkayembekeza kuthamangitsidwa. Anandithirira tiyi, nakhala pansi mwa phuu, n'kundiuza kuti tsopano ali ndi mafomu oti alembe mpaka usiku: nkhani iliyonse yofika kupolisi iyenera kukanenedwa ku CQC, komanso ku khonsolo, komanso kwa ana a bamboyo. Ndiye kuti ine, amene ndinabwera kudzafufuza zilema za nyumbayi, ndinawasiyira chilema chatsopano m'mabuku. Anati cholakwa china ndi chawo, chifukwa mlendo sapatsidwa manambala a chitseko. Mtsikana uja anawerama. Apo ndinapepesa katatu, ndipo ndinapempha kuti m'mafomumo alembe kuti ndinakhala chete mphindi khumi. Anati alemba, ngakhale ndikanapanda kupempha.

Popeza manyazi anali atatha kale, ndinafunsa mafunso amene m'mawa ndinkaopa kufunsa. Mmodzi wa inu akadwala, amabwera ndani? Anati ali ndi anthu ena atatu osinthana nawo, ndipo zikavuta amabwereka, koma wobwereka samusiya yekha usiku. Amayi akadzafooka kwambiri? Anayankha mosabisa kuti pali malire. Akadzafuna namwino nthawi zonse, kapena akadzayamba kumenya anzawo, adzayenera kusamuka, ndipo kusamutsa munthu woiwala kumamusokoneza koopsa. Nanga inu mukadzatopa? Anaseka, nasisita bondo, n'kunena kuti ana ake safuna n'kumva komwe za ntchitoyi, ndipo nyumba zing'onozing'ono ngati iyi zikatsekedwa nthawi zambiri sipabwera ina m'malo mwake. Za mtsikanayo sindinafunse. Ndinkadziwa kuti viza yake yamangiriridwa pa ntchitoyi, koma tsiku lina adzapeza malipiro abwino kwina, ndipo Chichewa chidzatuluka naye pakhomo lomwelo.

Mtengo unali wopitirira mapaundi 1,000 pa sabata. Ndinawerengera ndalama za kanyumba ka amayi, ndipo zinakwana zaka zochepa. Zikadzatha, khonsolo idzalowererapo, koma imalipira mtengo wake, ndipo ngati uli wochepa, ndalama zotsalazo zidzafunidwa kwa abale. Abale ake ndi ine. Zimenezinso malume sindinawauze.

Amayi analowa m'nyumbamo patapita milungu isanu. Sabata yoyamba analira, nanditcha wakuba, nalongedza katundu katatu. Pano m'mawa uliwonse amayendera anzawo mmodzimmodzi, kuwagwira pamkono kumva kugunda kwa mtima, kenako n'kukapereka lipoti kukhitchini m'Chichewa. Mtsikana uja amalandira lipotilo ataima, n'kuyankha kuti, "Zikomo asisitala." Lamlungu amawaphikira nsima ndi ufa wogula kusitolo ya anthu a ku Africa, ndipo amayi amadandaula kuti ndi yofewa, koma amamaliza. Usiku wina mwezi watha anagwa popita kuchimbudzi, wosamalira ali m'chipinda china. Sanathyoke, koma tsaya linatupa. Sindinagone masiku atatu, ndipo sindinganene kuti mtima wanga unakhazikika.

Manambala a pachitseko anasinthidwa tsiku lomwe lija, ndipo kapepala kaja kanachotsedwa. Achibale ena amene akhulupirika amauzidwa. Ine ayi. Ndikafuna kutuluka ndimaima pakhomo kudikira wonditsegulira, ndipo nthawi zambiri sindikhala ndekha, chifukwa bambo a chipewa aja akangondiona amathamangira chikhoti. Timaima awiri, iwo ndi chikwama chawo, ine ndi kope langa, mpaka mtsikana abwere, awatengere kukhitchini kukamwa tiyi, kenako adzanditsegulire ine atatchinga mabatani ndi dzanja.

Malume, nkhani yake ndi imeneyo. Alongo anu ali bwino, ndipo akupereka moni.